Mbalame Zikuthawa, Zithunzi Zikutuluka Chimbuuzi: Vuto Lili Pati Kugombe?

Dandaulo la anthu amene angoyamba kumene kujambula mbalame kugombe la nyanja yamchere silisinthasintha. Munthu walawirira, wapondaponda mchenga m'mawa wonse, wajambula mpaka batire kutha. Pofika kunyumba n'kutsegula zithunzi pakompyuta, akupeza timadontho totuwa pakati pa matope, akakowa oyera mbee opanda nthenga ngakhale imodzi yooneka, ndi michira ya mbalame zomwe zinali kale m'malere. Ulendo wotsatira, chimodzimodzi. Mlandu umagwera kamera, ndipo munthu amayamba kuwerengera ndalama za lenzi yaitali.

Musagule kanthu kaye. Mavuto ambiri akugombe sayambira m'kamera ayi. Amayamba ndi ola lomwe mwafikira, malo omwe mwakhala, ndiponso kayendedwe kanu. Za mabatani zili ndi malo ake, koma zimabwera pambuyo.

Mbalame zili kutali kwambiri

Tiwerengere pang'ono. Kambalame kotalika masentimita 20, monga kaja amati sanderling, kakaima pa mtunda wa mamita 30, lenzi ya 400mm imakaika pa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera, kali kotalika mamilimita osakwana 3. Sensa yaikulu ya kamera, ija amati full frame, ndi ya mamilimita 36 m'litali mwake. Ndiye kuti kambalame kanu n'kadontho chabe. Mukagula lenzi ya 600mm, yolemera ndi yodula, kadontho kaja kafika mamilimita 4 basi. Koma kambalameko kakabwera pa mamita 10, lenzi yanu yakale yomwe ija ikupatsani mamilimita 8. Lenzi yatsopano siingafanane ndi mamita 20 amene mwachotsa pakati pa inu ndi mbalame.

Nanga mamita amenewo muwachotsa bwanji? Osati ndi miyendo. Madzi ndiwo akuchotsereni.

M'magombe ambiri a dziko lapansi nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, choncho tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Madzi akaphwa amasiya poyera matope ndi mchenga wonyowa, nthawi zina makilomita angapo, ndipo m'menemo ndi mmene muli tinkhono, tinkhanu ndi nyongolotsi zomwe mbalame zimadya. Mukafika madzi ataphweratu, mbalame zimakhala zitamwazikana kutali uko, pomwe madziwo akuthera. Mungazitsatire mpaka kutopa, sizikudikirani.

Chochita ndi ichi. Pezani tchati cha nthawi ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi cha gombe lomwe mukupitalo, osati cha doko lina lakutali, chifukwa malo oyandikana amatha kusiyana ndi ola lathunthu. Fikani kutatsala maola awiri kapena atatu kuti madzi adzaze. Yang'anani mzere wa ndere ndi tizinyalala womwe madzi anasiya atadzaza komaliza, mukhale pansi chakumtunda kwa mzerewo, dzuwa lili kumsana kwanu. Ndiye khalani. Mbalame zimadya motsatira mphepete mwa madzi, ndipo madzi akamakwera amazikankhira kwa inu pang'onopang'ono. Munthu yemwe zamupeza ali phee sizimuopa ngati yemwe akuzilondola. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kugombe mawuwa ndi malangizo enieni a ntchito.

Madzi akadzaza ndithu, zambiri zimauluka kukapuma pamalo okwera. Zimabwereranso zili ndi njala madzi akangoyamba kubwerera, ndipo ola loyamba limenelo nalonso n'labwino kwambiri, chifukwa chakudya chomwe changovundukuka chili pafupi ndi inu.

Ena amati, ndinatsata tchati koma mbalame sizinabwere. Onani mwezi. Madzi amakwera kwambiri tsiku limodzi kapena awiri mwezi ukangokhala wathunthu, ndiponso pa nthawi ya mdima, mwezi watsopano usanaoneke. Pakati pa nyengo ziwirizi, mwezi ukakhala theka, madzi sakwera mokwanira kuphimba matope onse, choncho mbalame zilibe chozikakamiza kuyandikira kumtunda. Tchati chimasonyeza kutalika kwa madzi m'mamita, osati ola lokha, ndipo nambala imeneyo muziiwerenganso. Pali china chothandiza pokonza ulendo: pamalo amodzi, kudzaza kwakukuluku kumachitika pafupifupi ola lomwelomwelo la tsiku milungu iwiri iliyonse. Ngati kugombe lanu kumagwera m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, muli ndi mwayi, chifukwa madzi abwino akumana ndi kuwala kwabwino. Ngati kumagwera masana enieni, sankhani masiku oyandikira kapena tsiku la mitambo. Si nyanja zonse zili chonchi. Mbali yaikulu ya nyanja ya Mediterranean madzi amasintha pang'ono chabe, pomwe ku Bay of Fundy ku Canada kusiyana kwake kumafika mamita pafupifupi 16. Komwe madzi sasintha kwenikweni, funani mathiriro a mitsinje, madambo ndi maiwe a mchere.

Pano ndiyenera kunena za moyo wanu, chifukwa munthu yemwe diso lili pakamera saona zakumbuyo. Madzi sakwera mofanana maola onse asanu ndi limodzi. Ola loyamba amakwera pang'ono, koma pafupifupi theka la madzi onse limabwera mu ola lachitatu ndi lachinayi. Pamalo athyathyathya amayamba ndi kudzaza timikwasa takumbuyo kwanu, inu mukuona ngati mukadali pouma. Mu February 2004, anthu oposa 20 omwe ankatola nkhono ku Morecambe Bay ku England anamira madzi atawatsekera njira. Musanakhale pansi, dziwani kothawira, ndipo matope omwe simukuwadziwa musawaponde.

Zimauluka ndikangoyandikira

Mbalame siithawa mwadzidzidzi. Imachenjeza kaye, kungoti ife sitiwerenga. Imasiya kudya, imatukula khosi, imakuyang'anani chammbali, kenako imayamba kuyenda motalikira. Zina zimagwedeza mutu kapena kulira. Mukaona chizindikiro choyamba, imani pomwepo, khalani pansi, yang'anani kwina. Ikaweramanso n'kuyamba kudya, ndiye kuti yakukhululukirani. Mukapitirira, iuluka, ndipo imodzi ikauluka gulu lonse limanyamuka. Zikuluzikulu monga curlew zimathawa munthu akadali patali kwambiri, ndipo kulira kwake kumadzutsa gombe lonse, pomwe timbalame ting'onoting'ono monga sanderling ndi turnstone timatha kudutsa pafupi ndi mapazi a munthu wokhala chete. Mukaona curlew kapena redshank, ija ya miyendo yofiira, pakati pa gulu, malire anu ayambire pa iyoyo.

Chomwe mbalame zimaopa kwambiri ndi munthu woimirira, wooneka bwino pakati pa mchenga ndi thambo, akuyenda molunjika kwa izo. Zovala zosawala zimathandiza, koma osati monga mmene ogulitsa zovala zobisalira amanenera. Kuyenda ndiko kumakuululani. Khalani pansi, kapena gonani chafufumimba pa kamphasa ka pulasitiki. Kwezani lenzi mwapang'onopang'ono. Ngati n'kofunikadi kusendera, senderani chammbali, mapazi ochepa, n'kuima kwa kanthawi. Kugona pansiku kuli ndi phindu lachiwiri: kamera ikakhala pa msinkhu wa diso la mbalame, zakumbuyo zimakhala kutali ndipo zimasungunuka bwino, mbalame n'kuoneka yokha. Chithunzi chojambula mutaimirira chimaonetsa msana wa mbalame ndi matope ambirimbiri.

Wina anganene kuti, zikauluka vuto n'chiyani, si zikatera potsatira? Taganizani komwe zachokera. Mu October 2022 mbalame ina ya mtundu wa bar-tailed godwit, ya miyezi isanu yokha, inauluka kuchokera ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita 13,560, masiku 11 osatera. Mbalame zotchedwa red knot zimaima ku Delaware Bay ku America m'mwezi wa May kuti zinenepe ndi mazira a horseshoe crab, kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nkhanu, zisanapitirize ulendo wa ku Arctic. Ku Wadden Sea, m'mphepete mwa Netherlands, Germany ndi Denmark, kumadutsa mbalame mamiliyoni ambiri chaka chilichonse, ndipo zambiri zimakathera ku Banc d'Arguin ku Mauritania kapena kum'mwera kwake. Mafuta a m'thupi ndiwo ulendo wawo. Kuziulutsa kulikonse kumadya mafutawo, ndipo kumazilanda nthawi yodyera yomwe madzi anaichepetsa kale. Choipitsitsa n'kuzibalalitsa pamalo opumira madzi atadzaza, popeza nthawi imeneyo kulibe kwina kotera. Ndaonapo anthu akuthamangira gulu dala kuti ajambule likuuluka. Ndi khalidwe loipa, ndipo ngakhale chithunzi chake n'chachabe, michira yokhayokha. Galu womasula, drone, kuliza mawu a mbalame pafoni kuti zibwere, zonsezi zisiyeni.

Nyengo yoswana ili ndi lamulo lake. Mbalame zotchedwa plover, tern ndi oystercatcher sizimanga chisa chooneka. Zimangopalasa kadzenje pamchenga kapena pamiyala kumtunda kwa mzere wa madzi, ndipo mazira ake amafanana ndi timiyala. Mukaona plover ikukwawa, phiko likukhwekhwereza ngati lathyoka, siinavulale. Ikukukokerani kutali ndi mazira kapena ana ake. Tern zikamakuwulukirani pamutu zikulira, tanthauzo n'lomwelo. Bwererani momwe munadzera, mukuyang'ana popondapo, mukayende pamchenga wonyowa. Mazira osiyidwa padzuwa amapsa msanga, ndipo akhwangwala ndi mbalame za kunyanja zotchedwa ma gull amakhala akuonerera. M'mayiko ena iyi ndi nkhani ya kukhoti: ku Britain lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limafuna chilolezo kuti munthu ajambule mitundu ina pachisa, ndipo ku United States lamulo la 1918 limateteza mbalame zosamukasamuka, mazira ndi zisa zake.

Zithunzi zikutuluka chimbuuzi

Musanasinthe kalikonse, kulitsani chithunzi pakompyuta n'kuchiyang'ana bwino, chifukwa chimbuuzi chili ndi magwero angapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati pali china chooneka bwino, kaya funde lakumbuyo, kaya mwala wakutsogolo, koma mbalame ayi, ndiye kuti focus, malo omwe lenzi yalozetsa kuti aoneke bwino, inagwira polakwika. Kugombe izi zimachitika kawirikawiri chifukwa mafunde onyezimira amakopa kamera kuposa kambalame kotuwa. Chotsani kamera pa njira yosankha yokha pachithunzi chonse. Ikani kadontho kamodzi kapena kagulu kakang'ono ka madontho, mulozetse pa diso kapena pamutu. Gwiritsani ntchito focus yotsatira chinthu choyenda, yomwe pa Nikon ndi Sony imalembedwa AF-C, pa Canon n'kukhala Servo. Makamera atsopano ozindikira diso la mbalame amachita bwino, komabe amasokonezeka mbalame ikakhala yaing'ono kwambiri pachithunzi kapena zikakhala zambiri pamodzi. Malenzi ambiri aatali ali ndi kaswichi kochepetsa mtunda womwe focus imafufuza. Katsegulireni zakutali zokha ngati palibe chomwe chili pafupi, lenzi isamataye nthawi kupita uku ndi uku.

Ngati mchenga ukuoneka bwino pomwe mbalame yaima koma mutu kapena miyendo yake yafufutika, liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, linachepa. Timbalame ta kugombe sitikhazikika. Mbalame yoima ingajambulidwe pa 1/500 ya sekondi, koma yothamanga kapena yojompha m'matope imafuna 1/1000 mpaka 1/1600, youluka 1/2000 kapena kuposa. Anthu ambiri amaopa kukweza ISO, mphamvu ya sensa yomva kuwala, chifukwa cha timadontho tomwe timabwera pachithunzi. Kwezani. Timadontho ta ISO 1600 kapena 3200 mapulogalamu amasiku ano amatichepetsa, koma mutu wofufutika palibe angaukonze. Zindikiraninso kuti chija chochepetsa kugwedera cha mulenzi chimathandiza manja anu okha, sichiimitsa mbalame.

Ngati chithunzi chonse chakokekera mbali imodzi, yagwedera ndi kamera. Kugombe mphepo siisowa, ndipo chivindikiro chachitali chakutsogolo kwa lenzi chimaikola. Tsitsani tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, musakweze mzati wake wapakati, kanikizani miyendo yake mumchenga mpaka ikhazikike, ndipo muike dzanja pamwamba pa lenzi. Mafunde akamadutsa pansi pa tripod amakokolola mchenga, iyo n'kumatitimira inu mukujambula. Mukagona pansi, zigongono kapena kathumba ka mchenga n'zokwanira.

Pali gwero lina lomwe limasowetsa anthu mtendere, mpaka ena kubweza lenzi yabwinobwino kwa wogulitsa. Shutter ili pa 1/2500, kamera yakhazikika, focus ili pamalo, koma palibe chooneka bwino, m'mphepete mwa zinthu muli ngati mwapindikapindika. Umenewo ndi mpweya. Mchenga ukatentha, mpweya wa pamwamba pake umawirawira monga mmene msewu wa tala umachitira dzuwa likuswa mtengo, ndipo lenzi yaitali imakulitsa kuwirako. Zimachitikanso tsiku lozizira ngati madzi kapena matope zili zofunda kuposa mpweya, ngakhalenso mukajambulira pawindo la galimoto yotentha m'kati. Palibe batani lokonza zimenezi. Jambulani m'mamawa nthaka isanatenthe, ndipo chepetsani mtunda, chifukwa mpweya ukachuluka pakati panu ndi mbalame vuto limakula. Kuti mutsimikize kuti lenzi ilibe mlandu, jambulani nayo chinthu chapafupi pamthunzi. Chikatuluka bwino, mwapeza wolakwa.

Chomaliza n'chophweka. Zithunzi zoyamba zinali bwino, zakumapeto zili ngati munajambulira mu utsi: galasi lakutsogolo lakutidwa ndi mchere wa m'mphepo. Muziliyang'ana pafupipafupi.

Zoyera zikupserera, zakuda zikungokhala mthunzi

Kamera poyeza kuwala imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chotuwa pakatikati, ndipo gombe ndi malo omwe zimenezi zimalephera kwambiri. Kakowa kapena vuwo akaima patsogolo pa madzi akuda kapena miyala yakuda, kamera imaona mdima wambiri n'kuwonjezera kuwala, mbalame n'kupserera. Zikatero chepetsani ndi batani lolembedwa +/-, kuyambira -1, n'kuona zotsatira. Mbalame ikakhala patsogolo pa thambo loyera, mchenga wowala kapena madzi onyezimira, zimatembenuka: kamera imachepetsa kuwala, mbalame n'kuda bii. Apo wonjezerani +1, nthawi zina mpaka +2.

Musakhulupirire maso anu pa kasikirini ka kamera muli padzuwa. Yatsani chenjezo lija lophethira pamalo opserera, ndipo muzionanso histogram, kachithunzi kosonyeza zakuda kumanzere ndi zowala kumanja. Ngati yaunjikana kukhoma lakumanja, nthenga zoyera zapita, sizibweranso. Mithunzi ingakonzedwe pambuyo, makamaka ngati mukujambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe sensa yaona, koma choyera chopserera ayi. Ndiye pa mbalame ya mitundu iwiri, yakuda ndi yoyera, monga oystercatcher kapena avocet, tetezani choyeracho.

Ine ndimakonda njira ina kuwala kukakhala kosasintha. Ikani kamera pa M, njira yoti muzisankha nokha, yesani pa mbalame yoyera mpaka chenjezo lisiye kuphethira, n'kusiya pomwepo. Mbalame ikauluka kuchoka patsogolo pa miyala kupita patsogolo pa thambo, kuwala kogwera pa iyo sikunasinthe, choncho palibe chifukwa choti kamera isinthe. Dziwani kuti mukasiya ISO pa Auto, kamera ikusankhabe yokha ngakhale muli pa M. Mitambo ikamadutsadutsa njirayi imavuta, bwererani ku +/-.

Koma kuwala kwa masana enieni, dzuwa lili paliwombo, sikukonzeka. Diso la mbalame limalowa mumthunzi, msana n'kumanyezimira. Maola awiri oyamba dzuwa litatuluka ndi awiri omaliza lisanalowe ndiwo a ntchito. Onaninso komwe gombe layang'ana. Gombe loyang'ana kum'mawa limakuikani dzuwa kumaso m'mawa ngati mukuyang'ana kunyanja, choncho nthawi yake ndi madzulo, ndipo loyang'ana kumadzulo nthawi yake ndi m'mawa. Tsiku la mitambo yopyapyala musalinyoze, ndilo labwino kwambiri pa mbalame zoyera.

Zouluka sizikulowa m'chithunzi

Mbalame zimanyamuka ndi kutera zitayang'ana komwe mphepo ikuchokera. Mphepo ndi dzuwa zikakhala kumsana kwanu, zimatera zikubwera kwa inu, nkhope ili powala, liwiro litachepa. Mphepo ikamakuombani kumaso, mujambula misana tsiku lonse, ndipo palibe luso lomwe lingasinthe zimenezo. Sinthani malo kapena jambulani zoyenda pansi.

Kupeza mbalame mulenzi yaitali kumafuna kuzolowera. Yang'anani mbalame ndi maso, kwezani kamera osachotsa diso pa iyo, ndipo muigwire ikadali patali, musanayambe kujambula. Ngati lenzi ndi ya zoom, yambani mwafupikitsa, mukaipeza n'kukokera. Konzeranitu focus pa chinthu china cha mtunda wofanana. Phunzirirani pa ma gull, omwe ndi aakulu, ambiri, ndipo amauluka modekha. Tern zibwere pambuyo.

Mchere ndi mchenga

Izi ziwiri zimapha kamera mwakachetechete. Mchere umayamwa chinyontho n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo mchenga umakanda galasi ndi kulowa m'malo ozungulira. Musasinthe lenzi pagombe. Chikwama musachiike pamchenga chili chotsegula. Mukagona pansi manja amadzaza mchenga, choncho khalani ndi kansalu kopukutira musanagwire mabatani. Kukakhala mphepo ya mafunde, vekani kamera chophimba cha mvula, ngakhale pepala la pulasitiki lomanga ndi labala limagwira ntchito. Mawu akuti kamera ndi yotetezedwa ku nyengo sakutanthauza kuti madzi amchere sangaiwononge.

Pofika kunyumba, yambani ndi kupemerera mchenga ndi kapampu ka mpweya kapena burashi yofewa. Mukayamba ndi kupukuta, mukupala galasi ndi mchengawo. Kenako pukutani thupi la kamera ndi lenzi ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi madzi abwino, muumitse, galasi lokha mulipukute ndi mankhwala ake ndi nsalu yake. Tripod itambasuleni yonse, itsukeni ndi madzi abwino, iume isanapindidwe. Ikayamba kulira tcherere potsegula, masulani mfundo zake muchotse mchenga.

Mukatulutsa kamera m'chipinda chozizira kupita kunja kotentha ndi kwachinyezi, galasi limachita nthunzi, nthawi zina mpaka m'kati. Itsekereni m'chikwama kapena m'pepala la pulasitiki, ikhale panja mpaka ifunde, ndiye mutsegule. Posunga, ikani m'bokosi lotseka bwino muli silica gel, timibulu toyamwa chinyontho, apo ayi nkhungu imamera m'kati mwa lenzi. Kamera ikagwera m'madzi amchere, musayese kuiyatsa kuti muone ngati ili moyo. Chotsani batire ndi khadi nthawi yomweyo, mupite nayo kwa okonza mwamsanga, ngakhale kuti nthawi zambiri siipulumuka. Khadi lokha kawirikawiri limapulumuka mukalitsuka ndi madzi abwino n'kuliumitsa.

Zonse zikuoneka zofanana

Ili ndi vuto la woonera ndi wojambula yemwe. M'mabuku mbalamezi zimakongola ndi nthenga zofiira ndi zakuda za nyengo yoswana, koma zikafika kumagombe komwe zimakathera nyengo yozizira zimakhala zitavala zotuwa zokhazokha. Mukayamba ndi mtundu wa nthenga, musokonezeka. Yambani ndi kukula kwake poyerekeza ndi ina yomwe mukuidziwa, kenako mlomo, kenako kadyedwe. Plover ili ndi mlomo waufupi ndi maso aakulu, imasaka ndi maso: imathamanga, kuima, kujompha, kuthamanganso. Za m'banja la sandpiper zimayenda zitaweramira pansi, zikufufuza m'matope ndi mlomo. Sanderling imathamangitsana ndi mafunde, turnstone imagubuduza timiyala ndi ndere. Mlomo wautali wopindikira pansi ndi wa curlew kapena whimbrel, ndipo whimbrel ndi yocheperako, ili ndi mizere pamutu. Mlomo wautali wowongoka kapena wopindikira m'mwamba pang'ono ndi wa godwit. Tern ndi yowonda, ya mapiko osongoka ndi mchira wamphanda, ndipo mitundu yambiri imadziponya m'madzi kugwira nsomba. Ma gull aakulu amatenga zaka pafupifupi zinayi kuti avale nthenga za akuluakulu, choncho zabulauni zomwe zaima pakati pa zoyera nthawi zambiri ndi ana a mtundu womwewo.

Ikani kamera pansi nthawi zina muonere ndi binoculars. Ya 8x42 kapena 10x42 ndi yokwanira, ndipo yamphamvu kuposa pamenepo imanjenjemera m'manja, makamaka kumphepo. Ngati mukuona zinthu ziwiriziwiri kapena mutu ukupweteka, yambani mwakonza mpata wa pakati pa maso awiri ndi kamkombero kofananitsa maso, komwe kamakhala kudiso lakumanja pa zambiri. Zikapitirira, ndiye kuti magalasi am'kati anasuntha itagwa, ipite kwa okonza.

Pofuna kudziwa dzina, chithunzi choipa n'chothandizabe. Jambulani chammbali kuti mlomo ndi miyendo zioneke, ndiponso mapiko atatambasuka ngati yadziulukira yokha. Samalani ndi mtundu wa miyendo, matope amanamiza. Pulogalamu ya pafoni yozindikira mbalame ya Merlin ya ku Cornell Lab of Ornithology imathandiza, ndipo eBird, yomwe inayamba mu 2002, imasonyeza zomwe ena aona pamalo omwewo mwezi womwewo, koma yankho la foni lizikhala poyambira chabe. Mbalame ina idzakukanikani, ndipo kulemba kuti plover yosadziwika n'kwabwino kuposa kuipatsa dzina longopeka, chifukwa zolemba zimenezi akatswiri amazigwiritsa ntchito.

Pokulitsa zithunzi muziyang'ananso miyendo. Mukapeza mphete zamitundu kapena kambendera kolembedwa zilembo, lembani mitundu yake kuyambira pamwamba kutsika, mwendo wamanzere ndi wamanja padera, tsiku ndi malo, n'kutumiza ku bungwe loika mphete la dera limenelo, monga SAFRING ku Cape Town kapena mabungwe a pansi pa EURING ku Ulaya. Kawirikawiri amakuyankhani ndi mbiri ya komwe mbalameyo inaikidwa mphete ndi komwe inaonekapo. Ikakhala yakufa kapena yodwala, musaigwire ndi manja ngakhale ili ndi mphete. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chapha mbalame zambiri za m'nyanja kuyambira 2021. Jambulani mphetezo muli chapatali, ndipo dziwitsani oyang'anira zanyama a m'deralo.